Amock ndi Nyenyezi Yake Yodwala

Anthu akandifunsa kuti mlongo wanga Amock amagwira ntchito yanji, ndimayamba ndausa moyo. Ndikanena kuti ndi dokotala, amafuna akamuonetse zotupa. Ndikanena kuti amaphunzitsa kuyunivesite, amandifunsa chifukwa chake akukhalabe m'nyumba ya lendi ku Chelstone, pamene anzake a kalasi imodzi anamanga mipanda ku Kabulonga yotalika kuposa mitengo ya mapapaya. Choona chake n'chakuti Amock amadikira nyenyezi kuti ziphulike. Ndiyo ntchito yake, ndipo amalandirapo malipiro, ngakhale kuti si malipiro oti n'kuwatchula pagulu.

Ine ndine Betty, woyamba kubadwa. Ndinagwira unamwino mpaka miyendo kutopa. Amock ndinamubereka kumsana ku Kabwata, ndinamupukuta mamina, choncho ndili ndi ufulu wonse wonena kuti mwana ameneyu watitopetsa.

Nzeru anali nazo kuyambira ali wamng'ono, zimenezo sindikana. Atate athu, a Shawa, amene anagwira ukalaliki m'boma mpaka tsitsi kuyera, anali atamukonzera kale njira: akhale injiniya, apite kumigodi, abwere ndi galimoto. Anayambadi maphunziro amenewo. Ndiye kunabwera kadamsana wa mu 2001. Lusaka yonse inatuluka panja ndi timagalasi tamapepala, mdima unagwa masanasana, nkhuku za aneba zinalowa m'khola, tinakuwa, ena anapemphera. Dzuwa litabwerera, tonse tinabwerera ku zochita zathu. Amock yekha ndiye sanabwerere. Anakasintha maphunziro osauza munthu, ndipo atate atamva, anatha miyezi akumupatsa moni kudzera mwa amama.

Kenako anapita ku South Africa kukawonjezera sukulu, ndipo kumeneko ndi kumene anakumana ndi tsoka lathuli.

Ndifotokoze mmene anandifotokozera iye, kochuluka moti ndikhoza kukaphunzitsa m'malo mwake. Kuli nyenyezi zina zikuluzikulu, zoposa dzuwa kutalitali. Nkhuni zake zikatha m'kati, sizizima mwaulemu ngati mbaula. Zimaphulika, n'kuwala kwa milungu ingapo kuposa zinzake zonse zoizungulira. Kuphulika kumeneko amati supanova. Zina zisanafe zimayamba zatsokomola: zimawala mwadzidzidzi, akatswiri n'kumati yapita, kenako n'kuziralanso, zili moyo. Amock anapeza imodzi yotsokomola choncho, kutali koti ndi maso simungaione. Dzina lake ndi zilembo ndi manambala ngati nambala ya minibasi. Analemba m'mabuku a akatswiri anzake kuti nyenyezi imeneyi yatsala pang'ono kufa. Nditamufunsa kuti pang'onopo ndi liti, anati mwina mawa, mwina zidzukulu zathu zitakalamba. Munthu wamkulu, wa ndevu zake, kuika moyo wake wonse pa mwina.

Musaganize kuti amakhala panja n'kumayang'ana kumwamba. Amock sadziwa ngakhale zoti mwezi watuluka. Zoonera nyenyezi, matelesikopu, zili pamwamba pa mapiri m'maiko a eni, ndipo zimayang'ana zokha. Zikaona chachilendo zimatumiza uthenga pafoni. Vuto lili apa: nyenyezi ikaphulika, maola oyambirira ndiwo ali ndi zonse zimene Amock akufuna, chifukwa kuwala kwa nthawi imeneyo kumaonetsa zimene nyenyeziyo inasanza isanafe. Tsiku likadutsa, umboniwo wafufutika. Anzake akunja anamupatsa chilolezo chakuti nyenyezi yakeyo ikadzaphulika, iye alamule telesikopu ina yaikulu kwambiri isiye zonse zimene ikuchita, iyang'ane kumeneko. Chilolezocho chili m'dzina lake, ndipo lamulolo liyenera kuchokera pafoni yake. Akachedwa, zaka zonse zimene wadikira zalowa m'madzi.

Choncho foni ija inasanduka chiwalo cha thupi lake. Kubafa amalowa nayo ataikulunga m'pulasitiki. Magetsi akazima ku Chelstone amakakhala m'galimoto ya mkazi wake Helen, injini ikulira, kuti foni idye moto. Uthenga wa nyenyezi yakeyo anauikira kaliridwe kakekake, kulira kwa nkhanga, ati chifukwa mu Lusaka mulibe foni ina yolira choncho. Banja lonse timaidziwa nkhanga imeneyo, ndipo tilibe nayo mawu abwino.

Atate anamwalira Amock ali pa phiri lina ku Chile, pa ntchito yomweyi. Anafika ku Kabwata tenti atachotsa kale, mabenchi a kutchalitchi atabwezedwa. M'nyumba mwathu mwana wamwamuna ndi yekhayo. Kumanda, woyendetsa mwambo ataitana kuti mwana wamwamuna wa malemu aike maluwa, panangoti zii, mpaka msuweni wina anadzuka kuti atichotse manyazi. Amock atafika analira, analira zenizeni, koma ine chinthu chimenecho chinandikhala pamtima ndipo sindinachitule.

Mwina chinamukhalanso iye, chifukwa chaka chotsatira anasiya ntchito yabwino kunjako n'kubwerera kuno kudzaphunzitsa. Ndinaganiza kuti wachira. Ayi ndithu, nyenyezi yake anabwera nayo m'thumba. M'mawa amakwera minibasi ku Chelstone, choko chili pathalauza, kukaphunzitsa ana a eni masamu amene iwo sawafuna. Ophunzira anzeru amawakokera ku za nyenyezi, iwo akamaliza amakalowa ntchito kubanki, ndipo akamupeza pasiteji amamukweza m'galimoto zawo mwaulemu. Upulofesa wamudutsa kangapo. Akuluakulu ake amati alembe zambiri, iye amati adzalemba chachikulu chimodzi nyenyeziyo ikadzaphulika. Kutchalitchi madikoni amamufunsa ngati zimene amaonazo ndi zizindikiro za masiku otsiriza. Mayi wina wa pamsika wa Chelstone anamupempha kuti amuonere m'nyenyezi ngati mwamuna wake adzabwerenso kuchoka ku Solwezi, ndipo Amock anamufotokozera mayiyo za mpweya wotentha mpaka makasitomala ena anatopa n'kukagula tomato kwina.

Ndinayesapo kumulangiza. Tsiku lina magetsi atazima, tili pakhonde pake, ndinamuuza mosapsatira.

“Iwe Amock, na nzelu zonse izi, sungayambe chabe kampani ya masola? Lusaka yonse ili mu mdima. Bantu bafuna malaiti, osati nyenyezi yamene sibaiona.”

“Ba sisi, imwe ndimwe ba nesi. Ayironi yamene ili mu magazi yanu, muganiza inachokela kuti? Mu nyenyezi zamene zinaphulika. Ise tonse...”

“Ine magazi yanga yanachokela kuli amama na atate, ku Chipata. Osaniyamba.”

Anaseka, n'kuyang'ana pafoni. Helen anandibweretsera tiyi, n'kundiuza chapansipansi kuti ndisadzivutitse, iye anasiya kalekale. Mkazi ameneyu adzalowa kumwamba osafunsidwa mafunso.

Nkhanga inationetsa zakuda koyamba pa ukwati wa mwana wanga Monalisa, mu holo ina ku Woodlands. Amock, monga malume, ndiye amalankhula m'malo mwa banja. Anali atangofika pakuti, “Ise ba kuchikazi tili okondwa maningi,” pamene nkhanga inalira m'thumba. Anaika maikolofoni patebulo, pafupi ndi keke, n'kutuluka chothamanga. Akuchimuna anaganiza kuti watsegula m'mimba, ndipo ine sindinawatsutse, chifukwa bodza limenelo linali laulemu kuposa choonadi. Anabwerera anthu akudya kale, n'kundinong'oneza kuti, “Yenze chabe kukhosomola, ba sisi. Ikali moyo.” Ndinamuyankha kuti iye ndiye sakhala moyo nthawi yaitali akapitiriza.

Chaka china tinamutuma kukalandira amama pasiteshoni ya mabasi ya Intercity, akuchokera ku Chipata. Nkhanga inalira ali pa Great East Road, anakhotera kuofesi, n'kuiwala kuti ali ndi mayi. Amama anakhala pa thumba la mtedza kuyambira masana mpaka dzuwa kupendeka, onyamula katundu akuwazungulira ngati ntchentche. Ndinakawatenga ndine, nditakwiya. Koma amene anandipsetsa mtima kwambiri ndi amama eni ake. Atangokhala m'galimoto, funso lawo loyamba linali lakuti, “Nanga odwala aja, apita?”

Amama ndiwo anamuwononga mwana uyu. Nyenyeziyo ankaitcha odwala a Amock. Lamulungu lililonse tikaweruka kutchalitchi chathu cha Reformed, Amock amabwera ku Kabwata n'kukhala pampando wa atate, ndipo asanamwe n'komwe madzi, amama amafunsa.

“Odwala ako agona bwanji?”

“Bakali kukhosomola, amama.”

“Aa, pepa. Uziwayang'anira.”

Zaka ndi zaka, funso lomwelo, yankho lomwelo. Ine amene ndinasamala odwala enieni, osanza ndi obuula, sanandifunsepo choncho. Ndikadandaula amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndinkayankha kuti nkhono imeneyi tidzaiona tili kumanda, osadziwa kuti pakamwa panga pakulosera.

Sikuti amama ankamvetsa za mlengalenga. Moyo wawo wonse anasoka mayunifomu a ana asukulu pakhonde. Koma anali munthu wa maliro. Mauthenga a maliro pawailesi sankawaphonya, ngakhale ndiwo zipserere, ndipo akamva dzina la mudzi umene anapondako kamodzi kokha, amayamba kufunafuna chitenje chakuda. Tsiku lina Amock anayesa kuwafotokozera kuti nyenyeziyo ili kutali kwambiri moti kuwala kwake kumayenda zaka mamiliyoni kuti kufike kuno. Anati ngati n'kuphulika, inaphulika kalekale, ife tikungodikira kuti kuwalako kutipeze. Ine ndinaseka, ndinati ndiye kuti tikuvutikira mtembo. Amama sanaseke. Anaimitsa makina awo osokera.

“Ndiye kuti uthenga wa maliro ukali m'njira,” anatero. “Kale munthu ankamwalira kumudzi, uthenga n'kubwera ndi wokwera basi, kufika kuno ataika kale. Koma unkaulandirabe. Uthenga wa maliro subwezedwa pakhomo, ngakhale ukupeze pa ukwati. Pamafunika munthu woulandira.”

Ndinawapempha kuti za ukwatizo asanditchulire.

Amama anadwala m'nyengo yozizira, chaka chatha. Chinayamba ngati chimfine, n'kutsikira m'chifuwa, ndipo posakhalitsa tinali kuchipatala. Amock ankabwera tsiku lililonse, pamenepo ndimuyamikire, ngakhale foni inali pabondo. Tsiku lomaliza limene analankhula, amama anamufunsa za odwala ake. Atamva kuti akali moyo anati, “Ndi olimba kuposa ine.” M'mawa mwake anatisiya.

Maliro anali panyumba ku Kabwata, amuna panja patenti, ife akazi m'nyumba titakhala pansi. Tsiku loti mawa tiika, ndinamukokera Amock kuseri, pa mpopi.

“Iwe, unimvele bwino. Atate unabaphonya. Mailo nifuna uimilile pa manda ya amama kuyambila poyamba mpaka maluwa yomaliza. Osati thupi chabe, na mutu wako unkhalepo.”

“Nizankhalapo, ba sisi.”

“Na nkhanga ikalila?”

Anayang'ana madzi akudontha. Kenako anati, “Olo ilile. Nalonjeza.”

“Ndiye uzimye foni.”

“Nizazimya.”

Sanaizimitse. M'mawa ndinaiona ikuwala m'thumba la malaya ake oyera. Malonjezo a Amock ndimawadziwa, amachokera mumtima wabwino, koma miyendo yake imamvera nkhanga.

Apa ndi pamene ndinapita kwa Bana Mwelwa. Mayi ameneyu ndi Mbemba wa ku Kasama, neba wathu kuyambira ine ndili kamtsikana. Iye ndi amama anatha zaka zonsezo akunyozana pa waya woyanikira zovala, uyu akuti odya mbewa inu, uyo akuti odya anyani inu, kenako n'kubwerekana mchere. Pakati pa ife Angoni ndi Abemba pali chimbuya, chibale chachipongwe chija. Pamaliro athu Abemba ndiwo amaphika, amatunga madzi, amatiseka, amatithira ufa kumutu, amalanda chimene afuna, ndipo wofedwa saloledwa kukwiya. Ukakwiya wadzichotsera ulemu wekha. Ndinaona kuti mu Lusaka monse, woti angalande foni ya Amock popanda ndewu ndi mmodzi yekha.

“Mufuna chabe nimupoke foni?” anafunsa Bana Mwelwa, maso akuwala. “Awe mwandi, iyo ni nchito ing'ono.”

Tikukonzeka kukwera mabasi opita kutchalitchi, Amock ataima pageti ndi suti yake yakuda, Bana Mwelwa anamudzera kumbuyo ndi chitini cha paudala wa makanda n'kumukhuthulira pamutu. Amock anakweza manja kuti ateteze maso, ndipo dzanja la mayiyo linali litalowa kale m'thumba. Foni anaimangirira pa nsonga ya chitenje, n'kuisomeka m'chiuno.

“Ba dokota ba nyenyezi! Lelo muzayangana pansi monga bantu bonse. Iyi foni manje ni ya ba Bemba.”

Amuna a patenti anaseka. Amock anaima ali mbuu ngati munthu wa pachigayo. Kenako anayang'ana ine. Anadziwa. Ine ndinamuyang'ananso osaphethira, chifukwa ndinalibe chobisa.

Mwambo wa kutchalitchi unayenda bwino. Kwa nthawi yoyamba m'zaka zambiri ndinaona mlongo wanga akuimba nyimbo mpaka ndime yomaliza, manja onse awiri ali pa buku. Nthawi zina dzanja limodzi linkapitabe lokha pathumba, n'kupeza mulibe kanthu, n'kubwerera. Tinafika kumanda a Leopards Hill dzuwa lili paliwombo. Bokosi linatsika. Amock anavula jekete n'kutenga fosholo pamodzi ndi amuna ena, ndipo fumbi lofiira linasakanikirana ndi paudala uja mpaka nkhope yake inasowa mtundu. Mtima wanga unakhala pansi. Ndinati lero lokha ndapambana.

Woyendetsa mwambo anayamba kuitana oika maluwa. Anayamba abale a amama ochokera kumudzi, kenako anati ana a malemu akonzeke. Tinaima awiri, ine ndi Amock, aliyense ndi nkhata yake ya maluwa. Ndipo nkhanga inalira.

Anthu ena anacheukira kutchire, poti kumeneko nkhanga zenizeni zikhoza kupezeka. Koma yathuyi inkalira m'chiuno mwa Bana Mwelwa, amene anadumpha ngati walumidwa ndi linthumbu. Inalira, n'kusiya. Ndinati chamumtima, yatsokomolanso, itsokomole. Posakhalitsa inaliranso. Kenako inangopitiriza osapuma. M'zaka zonsezi inali isanachitepo zimenezo, koma tanthauzo lake ndinkalidziwa, chifukwa Amock anatiuza kambirimbiri patebulo la amama. Ikalira kamodzi ndi chifuwa chabe. Ikalira osaleka ndiye kuti matelesikopu angapo aona chinthu chimodzi. Kuno anali masana, koma kutsidya lina la dziko unali usiku, ndipo kumeneko kukangocha mwayi watha.

Ndinamuyang'ana Amock nditakonzeka. Mawu ndinali nawo kale pakamwa, mawu amene ndinawasunga kuyambira pa maliro a atate. Ndinkangodikira kuti asunthe phazi limodzi.

Sanasunthe. Sanacheuke n'komwe. Anaima chilili, maso ali pa mulu wa dothi, nkhata ili m'manja. Misozi inkatsika n'kumalemba mizere mu paudala uja, ndipo sindikanatha kunena kuti iyi ndi ya amama, iyi ndi ya nyenyezi. Nkhanga ikulirabe, iye ali phee, akusunga lonjezo.

Ndikuuzeni zoona, sindinakwiyepo ngati nthawi imeneyo. Munthu uyu anathawa pa ukwati, anaiwala mayi ake pasiteshoni, zonsezo chifukwa cha chifuwa chabe. Lero chinthu chenichenicho chafika, chimene tadyera manyazi zaka zonsezi, ndiye lero lomweli wasankha kukhala mwana womvera! Ndiye kuti manyazi a ku Woodlands tinawaonera chabe? Thumba la mtedza lija amama analikhalira chabe? Munthu amene ankafunsa Lamulungu lililonse ali apa, pansi pa dothi loti silinaume n'komwe, ndipo uthenga umene ankaudikira ukulira m'chitenje cha Mbemba popanda woulandira.

Ndinamupatsa Helen nkhata yanga kuti andigwirire, n'kudutsa pakati pa amayi a Chigwirizano, gulu la amayi a mpingo wathu, mpaka kwa Bana Mwelwa.

“Bweletsani foni.”

“Iti? Iyi yanga?”

“Bana Mwelwa, si nthawi yosewela iyi.”

“Imwe ba Betty, ndimwe munanituma. Manje chimbuya sichibweza vintu mahala. Muiombole.”

Walira mvula walira matope. Chikwama changa chinali m'basi, kutali. Kukwiya sindikanatha, anthu onse akuona. Mayiyo anandiyang'ana kuyambira kumutu, maso ake n'kukaima kumapazi.

“Izo nsapato zaniwamila.”

Zinali zatsopano, ndinazigula ku Kamwala chifukwa cha maliro omwewa. Ndinazivula. Dothi la kumanda masana limatentha ngakhale mu Juni, ndipo lili ndi timinga tosaoneka. Bana Mwelwa anakweza nsapato zanga m'mwamba kuti aliyense aone.

“Mwe bantu, onani ba Ngoni! Bagulisa nsapato kuti bagule nkhanga!”

Anthu anaseka, ngakhale abusa anabisa pakamwa ndi Baibulo. Ine ndinabwerera ndikutsimphina, n'kumukankhira Amock foni pachifuwa.

“Tenga.”

“Ba sisi, nenze nalonjeza.”

“Unalonjeza ine, na ine nakumasula. Amama benze kukamba chani pa uthenga wa malilo? Tenga, iwe chitsilu, ukalibe kunipha na mtima!”

Anayang'ana foni, anayang'ana manda. Ndinaganiza kuti athamangira kubasi monga mwa chizolowezi chake. Sanathamange. Anapita pamanda, anaika nkhata yake bwinobwino kumutu, n'kugwada pomwepo, mawondo a suti m'dothi. Atatero ndi pamene anatsegula foni. Anawerenga. Zala zake zinayamba kuthamanga pagalasi, zikusiya zidindo zofiira.

Woyendetsa mwambo anayang'ana abusa, abusa anayang'ana ine. Kumbuyo kwathu adzukulu anali pamzere ndi maluwa awo, akudabwa. Ndinatembenukira kwa amayi a Chigwirizano n'kuwapatsa chizindikiro ndi maso, ndipo iwo, Mulungu awadalitse, anayambitsa nyimbo. Itatha anaiyambanso. Abale akumudzi ankanong'onezana kuti mwana wophunzira uja akuwerenga pemphero la pafoni. Ine ndinaima pambali pake wopanda nsapato, ndikusinthanitsa mapazi, ndikumutukwana chamumtima kuti afulumire.

Nkhanga inaleka. Foni inalira kamodzi kaliridwe wamba, Amock anawerenga, n'kutseka maso. Pambuyo pake anandiuza kuti limenelo linali yankho lochokera kutsidya kuja, loti telesikopu yaikulu yatembenuka ndipo kukali mdima. Foniyo anaiika pansi chozondotsa, pa dothi. Nyimbo inali itangotha, kunali zii. Anawomba m'manja mofatsa, mmene amachitira munthu wofika pakhomo ndi uthenga, n'kuweramira pa maluwa aja.

“Amama,” anatero, “odwala aja atisiya.”

Bana Mwelwa, amene kuyambira tsiku loyamba anali asanagwetse msozi chifukwa ntchito yake inali yotiseketsa, anakhala pansi pomwepo, nsapato zanga zili pamiyendo, n'kuyamba kulira mokweza, akutchula dzina la mnzake. Amayi ena anamutsatira. Ndinangomugwira Amock pa kolala, mmene ndinkamugwirira ali mwana akakana kulowa m'nyumba, n'kumukokera m'mwamba.

“Nyamuka,” ndinatero. “Bana balindila na maluwa yao.”

Anadzuka, anatola foni yake, n'kupatuka. Ndinatenga nkhata yanga kwa Helen n'kukaiika pafupi ndi yake, minga ikundibaya kumapazi.